Mmene Ndinadziphera pa Foni M'mabwinja a Aroma

Mpaka lero, ndikamadutsa pamsika wa Kawale, pali amayi ena a kumpingo kwathu omwe ndikawapatsa moni amangogwedeza mutu, pakamwa atatseka. Sindiwadandaula. Ndikanakhala iwowo, inenso sindikanamuyankha munthu ngati ine. Zomwe ndinawachita Loweruka lina ndili kutali ku Morocco sizoti munthu angaziiwale msanga, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndizifotokoze ndekha, chifukwa omwe akuzifotokoza m'dera mwathu ayamba kuzikometsera mopyola muyeso.

Ku Morocco ndinapita pa mwayi wa maphunziro aulere. Bambo anga amagwira ntchito kufodya ku Kanengo, amayi amagulitsa zitenje, ndipo kwathu kwenikweni ndi ku Thyolo ngakhale ife ana tinabadwira ku Kawale konkuno. M'banja mwathu munalibe yemwe anakwerapo ndege, moti tsiku londiperekeza amayi anandigwira dzanja mpaka pachitseko pomwe apolisi anawabweza. Amayi anga amadwala kuthamanga kwa magazi, ndipo tonse m'nyumba timadziwa kuti nkhani yoipa sauzidwa mwadzidzidzi.

Chaka choyamba kumeneko sitinkaphunzira zomwe tinapitira. Ankatiphunzitsa Chifalansa kaye, kuphatikizapo mbiri ya dzikolo. M'tauni yonseyo Mmalawi ndinali ndekha. Munthu yekhayo yemwe ndinkatha kuyankhula naye osatuluka thukuta anali Yotamu, mnyamata wa ku Chipata ku Zambia, yemwe ankaseka chilichonse, ngakhale zinthu zosaseketsa.

Ndiye mphunzitsi wathu wa mbiri, mayi wachikulire wachifundo yemwe tonse tinkangomutchula kuti Madamu, anakonza zoti kalasi yonse ikaone mabwinja a mzinda womwe Aroma anamanga kalekale. Ine ndinavala malaya oyera, poganiza za zithunzi. Tili m'basi ndinagula juwisi wa makangaza, chipatso chofiira ngati magazi chomwe anthu a kumeneko amachikonda kwambiri. Basi inadumpha pabampu, theka la juwisiyo n'kuthera pachifuwa panga. Yotamu anaseka mpaka tinafika.

Malowo anandidabwitsa, sindinama. Mzinda wathunthu uli paphiri, wopanda denga ngakhale limodzi. Zipilala zazitali kuposa mapolo a magetsi, zina zitaima, zina zitagona pansi zili zidutswazidutswa, misewu ya miyala, pansi pa nyumba pali zithunzi zopangidwa ndi timiyala tating'onoting'ono. Madamu ankafotokoza ndi mtima wonse, anzanga akulemba. Ine maganizo anga anali kwina.

Ndinali ndi gulu la pafoni la anyamata omwe tinakulira limodzi ku Kawale, ndipo anyamata amenewa anali atandiiwala. Ndikatumiza chithunzi cha sitima yapamtunda, zii. Ndikatumiza chakudya chachilendo, zii. Koma wina akangotchula za mpira, mauthenga amachita kusefukira. (Panopa ndikudziwa kuti anali atatopa ndi kudzitama kwanga, koma nthawi imeneyo ndinkati ndi nsanje.) Ndiye nditaona chimwala china chogobedwa pakati, chachitali ngati bokosi la maliro, chili pakati pa makoma akugwa, ndinaganiza zowadzutsa.

Ndinatsalira m'mbuyo ndi Yotamu. Ndinadzipaka fumbi loyera kumaso ndi m'tsitsi, n'kugona chagada m'chimwalacho, dzanja limodzi likulendewera kunja, kukamwa kuli yasa, kenako Yotamu anandiika timiyala pamimba n'kujambula. Chithunzicho chinatuluka bwino kuposa mmene ndinkafunira. Ndi juwisi uja pachifuwa, ngakhale ineyo nditachiyang'ana ndinadzimvera chisoni.

Pansi pake ndinalemba kuti: "Pepani abale, ine ndine mnzake wa mwini foniyi. Khoma lamugwera kuno komwe tinabwera kudzaona malo. Watisiya." Netiweki kumeneko inali yovuta, koma titafika pafupi ndi chipata chachikulu cha miyala chomwe chili pamwamba pa phiri, uthenga unapita. Ndinaika foni m'thumba n'kuthamangira anzanga, ndikuseka chamumtima.

Patapita kanthawi ndinaitulutsa kuti ndione mmene anyamata akulirira. Ndinayang'ana pamwamba pa uthengawo, pomwe pamakhala dzina la gulu. Panalembedwa kuti Banja Lathu.

Ndinawerenganso. Banja Lathu. Gulu lomwe muli bambo, amayi, achemwali anga a Nelia, malume a ku Thyolo, azakhali, ndi abale ena omwe amangotumiza mavesi m'mawa.  Uthenga unali utawerengedwa kale, ndipo pamwamba pankaoneka kuti achemwali akulemba. Anasiya. Anayambanso. Anasiyanso.

Chala changa chinathamanga kuposa mutu. Ndinadina uthenga uja n'kufufuta, ndipo unachokadi. Ndinapuma. Yotamu, yemwe ankasuzumira paphewa langa, anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana, wafufuta kwa ndani?"

Amene mumagwiritsa ntchito mafoni a masiku ano mwadziwa kale. Pamabwera mizere iwiri, wina wofufuta kwa aliyense, wina wofufuta kwa iwe wekha. Ine ndinadina wachiwiriwo. Chithunzi chija chinachoka m'foni mwanga mokha, n'kutsala m'mafoni a abale anga onse, ndipo tsopano panalibenso njira yochichotsera.

Ndinalemba msangamsanga kuti ndi nthabwala, ndili moyo, koma uthengawo unangoima ndi kawotchi pambali. Netiweki inali itathawanso, ndipo ndinakumbukira kuti kuchipata kuja inkagwira. Ndinathamanga chokwera phiri foni ili m'mwamba ngati munthu wothawa madzi osefukira. Pachipata sinagwire. Ndinaona chitsa cha chipilala chapafupi, ndinakwera, n'kuimirira ndi zala za kumapazi, dzanja nditatambasula. Kamzere kamodzi kanayamba kuoneka. Nthawi yomweyo wolondera malowo analiza wezulo kumbuyo kwanga, popeza kukwera pamiyala imeneyo n'koletsedwa.

Ndinadzidzimuka, foni n'kupulumuka m'manja. Inagwera pamwala, inatsetsereka pang'onopang'ono ndikuiona, n'kulowa pakati pa zitsulo zomwe anatchinga nazo chitsime chakale. Tinamvetsera. Panapita kanthawi ndithu tisanamve kuti chubwi, kutali pansi. Aroma aja ankakumba mosanyengerera.

Apa ndi pomwe ndinathamangira kwa Madamu kuti andithandize, ndipo apa ndi pomwe Chifalansa changa chinandithawa. Ndinkafuna kunena kuti amayi anga akuganiza kuti ndamwalira. Mawu omwe ndinakwanitsa kutulutsa anali atatu okha: amayi, kumwalira, foni. Ndinkaloza chitsime, kumaso kuli fumbi, maso ali piriwiri. Madamu anagwira pakamwa, kenako anandikumbatira mwamphamvu, juwisi ndi fumbi osaziwerengera. Anauza kalasi yonse kuti mnzawo walandira uthenga woti mayi ake amwalira, ndipo chifukwa cha chisoni waponya foni m'chitsime. Atsikana awiri a ku Guinea anayamba kulira. Ngakhale wolondera uja anavula chipewa n'kundigwira paphewa.

Choncho pofika masana a tsikulo ndinali nditapha anthu awiri, ineyo ku Kawale ndi amayi anga ku Morocco.

Yotamu ndiye anakonza zinthu, ngakhale zinamutengera nthawi chifukwa mawu aliwonse ankawadula ndi kuseka. Madamu atamvetsa, anandichotsa m'manja mwawo pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anangondiuza kuti chimwala chomwe ndinagonamo sichinali cha maliro, chinali chomwera mahatchi, kenako analamula aliyense kuti andibwereke foni.

Mafoni anabwera ambiri, koma nambala ndinalibe. Ya amayi sindinkaidziwa pamtima, ya achemwali chimodzimodzi. Ya bambo yomwe ndinkaikumbukira inali yakale, yomwe inapita ndi foni yomwe anawabera mu minibasi. Ndinayesa kulowa patsamba langa la mchezo pafoni ya Yotamu, koma tsambalo linalemba kuti atumiza manambala achinsinsi ku foni yanga, yomwe inali pansi pa madzi a Aroma. Ndinakhala pamwala n'kugwira mutu. Ndinkangoona amayi ali pabenchi lawo la zitenje, akutsegula chithunzi chija okha, popanda wowagwira.

M'mutu mwanga munali nambala imodzi yokha, ndipo ndinkaizemba dala. Inali ya Tadala, mtsikana wa ku Biwi yemwe ndinali naye pachibwenzi tili ku sekondale, nthawi yomwe ndinkabwereka foni za anthu kuti ndimuimbire. Chibwenzicho chinatha ndisananyamuke, ndipo sichinathe mwaulemu. Tinali tisanayankhulane kuchokera nthawi imeneyo.

Basi itanyamuka n'kufika pomwe netiweki imagwira bwino, ndinalemba nambalayo mufoni ya Yotamu. Pachithunzi cha Tadala panali nkhope yanga, pambali pali kandulo. Nkhani inali itafika kale ku Biwi.

Anayankha ndi mawu a munthu yemwe wakhala akulira. Nditangotchula dzina lake, foni inaduka. Ndinaimbanso, koma anali atatseka nambalayo. Ndinabwereka foni ya mnyamata wina wa ku Senegal n'kuimbanso. Ulendo uno ndinayamba ndi kumupempha kuti asadule, ndikulumbira kuti ndine ineyo, ndili moyo, ndinangolakwitsa gulu.

"Mbava inu mulibe manyazi," anatero Tadala. "Munthu wamwalira lero lomwe, inu mwayamba kale kubera anthu ndi mawu ake?"

Ndinamuuza kuti andifunse chilichonse chomwe ine ndekha ndingadziwe. Anaganiza pang'ono, n'kufunsa kuti ankanditchula kuti chiyani tikakhala awiri. Ndinayang'ana m'basi muja. Onse anali chete, akundiyang'ana, koma ndinadzilimbitsa mtima kuti palibe akumva Chichewa. Ndinaiwala za Yotamu.

"Kambatata," ndinatero.

Anati sanamve, ndikweze mawu. Ndinakweza. Yotamu anagwera pansi pa mpando. (Dzina limeneli linandikakamira mpaka ndinamaliza sukulu. Ngakhale a ku Guinea ankanditchula choncho, akuganiza kuti ndi dzina laulemu la kwathu.)

Tadala anatsegula vidiyo, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiuza mawu angapo omwe sindingawalembe pano. Atamaliza anati ndisadule, akukwera njinga yamoto kupita kwathu, chifukwa akangofika n'kunena pakamwa palibe yemwe angamukhulupirire.

Ulendo umenewo ndinayenda nawo ndili m'dzanja lake. Ndinkaona mitambo, chibwano cha Tadala, ndi msana wa wakabaza. Atakhota kulowa mumsewu wathu, anatembenuza foni kuti ndione. Pamsewu anali atayala nthambi za masamba aawisi, monga timachitira pakagwa zovuta. Ndadutsapo pamasamba otere kambirimbiri, kutsika panjinga, kuvula chipewa, koma sindinaganizepo kuti tsiku lina ndidzawaona atayalira ine.

Mipando yathu ya pabalaza inali panja, pansi pa mtengo wa mango. Azibambo anali atakhala m'mabenchi, ndipo ena mwa omwe ankatsitsa mabenchi owonjezera pangolo anali anyamata a gulu lija, omwe nthabwalayo inali yawo koma sanailandire. M'nyumba munkamveka nyimbo ya amayi a kumpingo. Kenako ndinaona bambo anga. Anali atakhala pakona pa khonde, atavala malaya a kuntchito, mabatani atasemphanitsa, akuyang'ana pansi, manja ali lende pakati pa miyendo. Sindinawaonepo choncho chibadwire. Ngakhale Yotamu anasiya kuseka.

Tadala sanaime panja. Anavula nsapato n'kulowa m'nyumba chogwada, kudutsa pakati pa azimayi omwe anadzaza pamphasa. Amayi anali atagona kukhoma, mutu uli pamiyendo ya achemwali. Ndinamva pambuyo pake kuti anakomokera pamsika pomwepo, anzawo n'kuwanyamula, ndipo namwino wina woyandikana nafe anali atawamwetsa kale mankhwala. Tadala anawagwira phazi n'kunena kuti, "Amayi, pali munthu akufuna ayankhule nanu. Musaope."

Nkhope ya amayi inadzaza foni yonse. Maso anali otupa, mpango utapendekeka. Ndinati, "Amayi, ndine. Ndili bwino."

Nyimbo inafa pang'onopang'ono, kuyambira kwa omwe anali pafupi mpaka kwa a kukhomo. Mayi wina yemwe anasuzumira n'kundiona ndi fumbi loyera lija kumaso anadzuka n'kutuluka chothamanga, nsapato kuzisiya. Amayi sanakuwe. Anandiuza kuti ndiimirire. Ndinaimirira m'basi ikuyenda. Anati nditembenuke, ndikweze manja onse awiri, ndiwaonetse mano. Kenako analoza pachifuwa panga n'kufunsa za magaziwo.

"Ndi juwisi, amayi."

"Nanga khoma?"

"Kulibe khoma, amayi. Ndimafuna ndiwaseketse anzanga."

 Amayi anapereka foni kwa achemwali, anafunda chitenje kumutu, n'kuyamba kulira mokweza kuposa poyamba. Azimayi ena ankathokoza Mulungu, ena ankafunsana kuti ndiye kuti zatani, ndipo achemwali anandilonjeza kuti tsiku lomwe ndidzatsike ndege adzamaliza okha ntchito yomwe khoma linalephera.

Foni itafika kwa bambo ndinkayembekezera mkuntho, koma anayankhula mofatsa ngati akufunsa mtengo wa tomato. Anafunsa ngati ndavulala pena paliponse. Ndinati ayi. Anafunsa ngati foni yomwe ndagwirayo ili ndi moto wokwanira. Ndinati eya. Ndiye anati, "Chabwino. Anthu awa wawaitana ndiwe. Uwabalalitsenso wekha, mmodzimmodzi."

Ndipo zinaterodi. Foni inayenda dzanja ndi dzanja, benchi ndi benchi, ine ndikupepesa. Mkulu wa mpingo anandiuza kuti anali atasankha kale anthu oti akafunse kuboma za kabweretsedwe ka thupi langa, ndipo anandifunsa kuti awauze chiyani. Bambo wina woyandikana nafe, yemwe anatseka shopu yake tsiku la Loweruka chifukwa cha ine, anangondiyang'ana n'kupatsira mnzake. Msuweni wanga wina anapepesa ndi iyeyo, ndipo ndinadabwa mpaka nditazindikira kuti jekete lomwe wavala ndi langa. Anyamata a gulu lija anati akabweza kaye mabenchi kutchalitchi, tidzakambirana bwino. Azimayi anati nyemba zapsa kale ndipo sangazitaye, moti anthu anadya ndithu chakudya cha pamaliro anga, ine ndikuonerera ndili ndi njala m'basi.

Malume a ku Thyolo anawapeza pafoni ali m'basi, atadutsa kale Ntcheu. Atauzidwa kuti ndili moyo, anati iwo sabwerera panjira. Anafika, ndipo anakhala kwathu mpaka mvula inayamba. Bambo amati pa zonse zomwe ndinawachita, chimenechi ndi chomwe sanandikhululukire.

Amayi anakhala nthawi osandiyankhula. Ndikaimba pafoni yatsopano ankangomvetsera mawu anga pang'ono, akatsimikiza kuti ndikupuma, n'kupatsira achemwali. Tsiku lomwe anayambanso kuyankhula nane sanakalipe. Anangondiuza kuti pamene ankawanyamula pamsika paja, iwo ankapempha Mulungu kuti asadzukenso. Mawu amenewo anandipweteka kuposa chilichonse chomwe anthu a m'mabenchi aja ananena.

Tadala sitinabwererane, musayembekezere zimenezo. Anakwatiwa ndi munthu wina wanzeru zake. Koma amayi, omwe kale sankafuna n'kumva dzina lake lomwe, anamupatsa zitenje zovala paukwati wake, ndipo anavina kutsogolo ngati mwana ndi wawo.

Nditamaliza maphunziro n'kubwerera kwathu ku Kawale, ndinadwala malungo oopsa, enieni, mpaka kugonekedwa m'chipatala. Achemwali analemba m'gulu la banja kuti ndili pabedi ndipo zinthu sizili bwino. Tsiku lonse palibe anayankha. Madzulo malume analemba kuti aone kaye vidiyo, ndipo dokotala aonekemo. Azakhali anangotumiza vesi.

Bambo ndiwo anabwera, atanyamula nthochi. Anakhala pambali pa bedi, anandigwira pachipumi, anayang'ana botolo la diripi n'kulidina pang'ono ndi chala ngati akufuna kutsimikiza kuti si juwisi. Kenako anandiuza kuti ndiyesetse kuchira, chifukwa maliro anga anthu anadya kale.

"Ukafa pano," anatero akusenda nthochi, "tikakuika ine ndi amayi ako basi. Enawo ati sabwera pokhapokha uwaimbire wekha kuti ulendo uno ndi zoona."

Ndinachira msanga. Nthabwala sindinasiye, ndisaname, koma masiku ano ndikafuna kutumiza chilichonse pafoni, ngakhale moni wa m'mawa, ndimayamba ndawerenga dzina la gulu mokweza ngati mwana wa sitandade wani, ndipo anthu mu minibasi amandiyang'ana.